Ndinakamufufuza Mlangizi wa Tiyamike

Nkhani iyi ndimafuna kufa nayo. Koma poti Tiyamike waifalitsa kale kwa Amalawi onse a kutchalitchi kuno ku Nairobi, ndipo akumaithira mchere wambiri, bola ndiinene ndekha. Manyazi ake ndi anga, ndiwasenze ndekha.

Ine ndine Binwell, wa ku Mchinji, wa zaka makumi asanu ndi zinayi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Zotsalazo ndinaphunzira m'njira. Ku Kitwe ndinaphunzira kukonza mawotchi, ku Beira mafiriji, ku Joni makina osokera, ndipo ku Dar ndinaphunzira kumva njala mwaulemu. Pano ndimakhala ku Kawangware, ndipo mafakitale a ku Athi River akandiitana ndimakakonza makina awo. Zaka zisanu ndi zitatu ndili kuno, koma chikwama changa sindinachimasule chonse. Mvula ikamagunda malata ndimamva fungo la fodya wa m'zigafa za kwathu, mtima nkumati mawa ndinyamuka. Mawalo silifika.

Chimene chandimanga kuno ndi Tiyamike, mwana wa mlongo wanga, malemu Esnart. Ndiye udindo wanga mwaudziwa kale: ndine malume, mwini mbumba. Mwanayu anaphunzira, amagwira ntchito m'bungwe lina ku Westlands, ndipo anapeza bwenzi, Otieno wa ku Kisumu, wamtali ngati pholo la magetsi koma waulemu kwabasi. Ukwati unali utakonzedwa kale, nsalu zitagulidwa.

Lamulungu lina titaweruka anandiitanira chai, tiyi wa kuno. Mandazi sanawakhudze. Ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Malume, tinakayezetsa magazi ine ndi Otieno. Tonse awiri tili ndi sickle cell trait."

"Ukudwala?"

"Ayi. Ife tangonyamula chabe, sitidwala. Koma mwana amene tingabereke akhoza kubadwa ndi matendawo."

Mawu amenewa anandikumbutsa china chake, koma chimenecho ndikuuzani kutsogoloku.

"Lachinayi tikukaonana ndi genetic counsellor," anapitiriza. "Mlangizi wa matenda akumtundu. Ndikufuna mupite nafe, chifukwa za kumtundu kwathu mukuzidziwa ndinu. Amayi kulibe." Anazunguza kapu pa tebulo. "Ndikakamva kuti nzolemera, malume, ukwatiwu ndiuimitsa. Sindikufuna kubereka mwana woti azingolira."

Munthu wanzeru akanamugwira dzanja. Ine khutu langa linakola pa mawu amodzi okha.

"Mlangizi? Wa za banja? Ine ndafa?"

"Malume..."

"Ndi wokwatiwa mayiyo? Ali ndi ana angati? Kwawo nkuti?"

"Si ankhoswe, malume. Ndi a chipatala. Anaphunzira."

"Satifiketi yake waiona?"

"Ayi."

"Ehe!"

Onani, wofunsa ngati mlangizi ali pabanja ndine, amene maukwati anga awiri anatha ngati makatani. Koma pa nthawiyo sindinazione choncho. Ndinkangoona ukwati wa mwana wa Esnart uli m'manja mwa munthu amene palibe wamufufuza. Kwathu ngakhale mkamwini timamufufuza mpaka agogo ake. Nanga uyu?

Lolemba lonse ndinali pa foni, ndikuwerenga mmene amafufuzira anthu a ntchito imeneyi. Ndinalemba m'kabuku kanga ka masipeya: anaphunzira kuti, ali ndi digiri yanji, ali m'kaundula wa bungwe loyang'anira anthu a zachipatala kapena ayi, nambala yake ndi chiyani. Pansi pake ndinawonjezera anga: kwawo, makolo ake, mpingo.

Koma mapepala okha ine sindiwakhulupirira, ndipo ndili ndi chifukwa. M'chikwama changa muli satifiketi yokongola ya za mafiriji imene anandisindikizira mnzanga wina ku Joni, ya sukulu imene sindinaione ndi chipata chomwe. Ndiye ndinakumbuka bwana wanga wa ku Kitwe. Iyeyu akafuna kulemba mmisiri watsopano, ankamasula kasikuluwu kamodzi m'kati mwa wotchi nkumupatsa osanena kanthu. Wokapeza, ntchito. Wolephera, msewu.

Ndinaimba foni kuchipatalako. Ndinati ndine Mr. Phiri, ndikufuna kukwatira, ndikufuna uphungu mwamsanga. Anandipatsa Lachiwiri.

Ndinavala suti yanga ya ku Joni, ija yoti imandithina m'khwapa, nkukwera maminibasi awiri, amene kuno amati matatu, mpaka ku Westlands. Nyumba yake yagalasi yokhayokha, lifiti yolankhula. Anandilowetsa m'kachipinda kaukhondo. Poti ndinali nditatuluka thukuta, ndinavula jekete nkulikoloweka pa chinthu china chotulukira pakhoma, ndi kukhala pansi mwaufumu, kabuku pa bondo.

Analowa mayi wachitsikana, tsitsi loluka, nsapato za mpira. Msinkhu wake ngati wa Tiyamike yemwe.

"Karibu, mzee. Ine ndine Njeri."

Tinkalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, koma ndikumasulirani.

"Mwana wanga," ndinatero, "tisanayambe, ndili ndi timafunso."

"Funsani."

"Kwanu nkuti?"

"Ku Nyeri."

"Makolo alipo?"

"Alipo, akupereka moni."

"Muli pabanja?"

Anamwetulira. "Limenelo likuthandizani bwanji, mzee?"

Ndinalemba m'kabuku: wazemba.

"Chabwino. Mapepala anu ali kuti? Ndaunguza chipinda chonsechi, sindikuona satifiketi ngakhale imodzi. Kwathu ngakhale wometa tsitsi amapachika kena kake pakhoma!"

"Ilipo, mzee."

"Kuti?"

"Kuseri kwa jekete lanu."

Abale inu! Chimene ndinakolowekapo jekete chinali felemu. Ndinadzuka pang'onopang'ono ngati ndinali ndi cholinga chodzuka kale, ndikuchotsa jekete, ndipo digiri ya munthu inali poteropo, ya masters, ya ku South Africa, galasi lake litachita nthunzi ndi thukuta langa. Ndinalipukuta ndi tayi.

Mukuganiza kuti ndinagonja? Ndinaitsitsa pakhoma, ndikuiyang'anitsa pa windo, ndikukanda chidindo ndi chikhadabo pamwamba pa galasi.

"Mwachita bwino kufunsa," anatero a Njeri, osakwiya ngakhale pang'ono. "Anthu ambiri safunsa, ndipo amayenera kufunsa. Bwerani kuno." Anatembenuza kompyuta, nandionetsa pamene munthu amalemba nambala ya m'kaundula. "Lembani nokha. Musakhulupirire ine." Ndinalemba ndi chala chimodzi. Dzina lawo linatuluka, ndi mawu osonyeza kuti chilolezo chawo chikugwira ntchito. Anandilemberanso nambala ya foni ya sukulu yawo kuti ndikafunse ndekha ndikafuna.

Zinandikhumudwitsa kwambiri. Ndinabwera kudzagwira wakuba, ndapeza munthu wondithandiza kumusecha.

Koma kasikuluwu kanali kasanafike.

Anatenga pepala lalikulu nati ajambule banja langa, amuna timabokosi, akazi timazira.

"Muli ndi abale angati, mzee?"

"Makumi awiri ndi atatu."

Cholembera chinaima. "Amayi amodzi?"

"Amayi anayi."

"Abambo anu anali ndi mitala?"

"Mitala? Abambo anali a komiti ya tchalitchi! Amayi anga ondibereka, amayi aakulu, ndi amayi aang'ono awiri. Ana awo onse ndi abale anga. Mukufuna ndiwakane?"

"Ayi, musawakane. Tingowaika aliyense pansi pa mayi wake." Anatenga pepala lachiwiri nkulimata ku loyamba ndi selotepi. Posakhalitsa tinafika lachitatu. Ndinamva kukoma. Mbumba yathu inadzaza tebulo lonse la ku Westlands mpaka agogo a Nasimango anakalendewera m'mphepete.

"Tsopano mbali ya abambo anu."

"Kumeneko kusiyeni."

"Chifukwa?"

"Si kumtundu kwathu. Mwana ndi wa kuchikazi. Abambo anangobwera kudzakwatira pamudzi. Magazi amayenda ndi mayi."

"Mudzi ukhoza kuyenda ndi mayi, mzee, ndipo nzabwino. Koma magazi amachokera mbali zonse ziwiri, theka ndi theka."

"Ku South Africa anakuphunzitsani zimenezo?"

"Eya."

Ndinalemba m'kabuku: sadziwa mwambo. Ndinadula mzere kunsi kwake kawiri.

Kenako anabwerera ku ana a amayi anga ondibereka. Apa ndi pamene ndinamasula kasikuluwu kanga. Tinabadwa asanu, koma ine ndinatchula anayi: ine, Esnart, Dorika ndi Mavuto. Ndinapereka zaka zathu zobadwa, ndikupinda manja, ndikudikira.

A Njeri anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anaika nsonga ya cholembera pa mpata wa pakati pa Esnart ndi Dorika.

"Amayi anu ankabereka zaka ziwiri zilizonse," anatero motsitsa mawu. "Apa padutsa zisanu. Mwina sindikulondola, ndipo simukukakamizidwa kuyankha. Kodi panali mwana apa?"

Ndinali nditakonzekera kuwomba m'manja ndi kunena kuti mwakhoza. M'malo mwake ndinangoyang'ana mpata uja.

Ndinkadziuza kuti ndamuchotsa dala, monga mayeso. Zoona zake nzakuti dzina limenelo ndinali ndisanalitchule kwa zaka zoposa makumi anayi.

"Limbani," ndinatero.

Ndipo zinakhuthuka zonse. Kuti manja ake ankatupa ngati mabanzi akadali khanda. Kuti maso ake ankachita chikasu. Kuti nyengo yozizira ankalira kuti mafupa akuthyoka, ine nkumamubereka kumsana kuzungulira naye nkhokwe mpaka atatopa kulira. Kuti anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kuti pamudzi anati amulodza ndi azakhali athu, a Nabanda, mlongo wa abambo, chifukwa ankamukonda mopitirira ndipo ankamubweretsera nzimbe. Kuchokera pamenepo ku mbali ya abambo sitinapondeko. A Nabanda anamwalira osalankhulana nafe.

Ndinalira, ine, mwini mbumba, mu suti ya ku Joni, pamaso pa mwana wovala nsapato za mpira. Anandisunthira kabokosi ka tishu nkudikira. Sanati pepani msanga, sanati limbani mtima. Anangodikira.

"Sindingatsimikize, chifukwa sanayezedwe," anatero pambuyo pake. "Koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi sickle cell. Ngati anali matenda amenewa, ndiye kuti analandira mbali imodzi kwa amayi, ina kwa abambo. Onse awiri sankadziwa. Palibe amene anamupatsa dala, mzee. Ngakhale azakhali anu."

Anajambula kabokosi kakang'ono pa mpata paja, nalemba dzina lake, atandifunsa kalembedwe. Kenako anati, "Anthu amene anamwalira timawadula kamzere. Mundilola?"

"Dikirani pang'ono," ndinatero. Limbani sanajambulidwepo chithunzi moyo wake wonse. Kabokosi kameneko kanali koyamba.

Nditapeza mpweya ndinaulula. Ndinati sindine Mr. Phiri, sindikukwatira aliyense, palibenso amene angandilole. Ndinati ndine malume ake a Tiyamike, amene akubwera Lachinayi, ndipo ndinabwera kudzakufufuzani.

"Ndinakayikira," anatero. "Mwakhala ola lathunthu osatchula dzina la mkwatibwi."

"Chonde, mwana wanga, Tiyamike asadziwe. Akadziwa, ulemu wanga watha."

"Zimene zanenedwa muno zimatsala muno."

"Zikomo. Ndiye mwanayo anakuuzani zotani pa foni? Akuoneka kuti ali ndi mantha kwambiri?"

"Sindingakuuzeni ngakhale zoti ndikumudziwa kapena ayi."

"Ine ndi malume ake!"

"Ndamva, mzee."

"Ndinamusintha matewera!"

"Pole sana. Pepani kwambiri."

Ndinatuluka ndili wokwiya theka, wokondwa theka. M'matatu ndinafufuta mawu aja akuti sadziwa mwambo.

Lachinayi tinapita atatu, pa galimoto ya Tiyamike. Njira yonse ndinkachita ngati mlendo. "Ha, nyumba zazitali bwanji! Tikwera chiyani, lifiti? Kodi imalankhula?" Otieno anandiyang'ana mwachifundo.

A Njeri anatilandira pakhomo. Anapatsa moni Tiyamike, anapatsa moni Otieno, nafika pa ine.

"Awa ndi malume anga," anatero Tiyamike.

"Karibu, mzee. Ndakondwa kukudziwani."

Nkhope yawo osagwedezeka ngakhale chikope! Ndinatsala pang'ono kukhulupirira kuti Lachiwiri ndinalota. Jekete ndinalisunga pa miyendo.

Anatenga pepala latsopano, loyera, nayamba pachiyambi ngati sanamvepo za Mchinji. Ulendo uno ndinatchula amayi amodzi. Mbali ya abambo ndinaipereka ndekha, osadikira kufunsidwa. Ndipo titafika pa ana a amayi, ndinati, "Tinali asanu."

Tiyamike anatembenuka. "Asanu? Amayi ankati anayi."

Ndinamuuza za Limbani. Zonse, mpaka za a Nabanda. Mwanayo anamvetsera misozi ikutsikira m'khosi, Otieno atamugwira phewa ndi dzanja lake lalikulu ngati fosholo.

A Njeri anatulutsa mabatani anayi m'kabati, atatu obiriwira, limodzi lofiira, nawaika m'kathumba. Anati mimba iliyonse ili ngati kupisa dzanja m'kathumbako, lofiira ndiye mwana wobadwa ndi matendawo, ndipo batani limene watola limabwerera momwemo. Anafotokoza kuti masiku ano mwana amayezedwa akangobadwa, kuti pali mankhwala ndi chisamaliro zimene Limbani sanazione, komanso sanabise kuti matendawa ndi opweteka ndipo amatopetsa banja. Anatchula njira zina zimene anthu amasankha. Sanakometse, sanaopseze.

"Inu mukanakhala ine mukanatani?" anafunsa Tiyamike.

"Ine si inu," anayankha. "Ntchito yanga ndi yoti musankhe mukudziwa. Kusankhako nkwanu awiri, ndipo sikuti muchite lero."

Otieno anakonza kukhosi. "Ine ndikufuna Tiya. Za ana, kaya kubereka, kaya kulera a ena, tikhala pansi tili awiri. Koma ndikufuna ndikhale pansi ndi iyeyu."

Tiyamike anayang'ana ine.

"Malume, Limbani ankangolira?"

Funso limenelo palibe anandifunsapo. Ndinafufuza m'mutu, ndipo ndinadabwa ndi zimene ndinapeza.

"Ayi," ndinatero. "Ankalira masiku a ululu. Masiku enawo anali wovuta kuposa tonse. Ankaba mtedza wa mbewu nkunamizira ine. Ankatsanzira kayendedwe ka abusa kumbuyo kwawo, tchalitchi chonse nkumaluma milomo. Amayi ankati akayamba kuseka iyeyu, nkhuku zimathawa pabwalo."

Tiyamike anaseka ali mkati molira, kuseka kuja kotuluka ndi mamina. Anayang'ana kabokosi ka Limbani pa pepala. Kenako anagwira dzanja la Otieno.

"Tibweranso kudzafunsa zambiri," anauza a Njeri. Natembenukira kwa ine. "Koma ukwati ulipo, malume. Mukonzeke kulankhula. Mwachidule."

Mtima wanga unadzaza. Ndinali nditagwira ntchito yanga, mbumba ili bwino, chinsinsi changa chili bwino. Ndinadzimva kuti ndine munthu wamkulu zedi.

Tiyamike anaimirira, akupukuta m'maso. "Pepani, ndikasambe kumaso. Toilet ili kuti?"

A Njeri asanatsegule pakamwa, ine ndinali nditayamba kale.

"Utuluke, ukhotere kumanzere, chitseko chachiwiri. Kiyi ali kwa mayi wa pa reception. Ugwiritse mpopi wa kumanja, unkadontha koma ndinaumanga Lachiwiri."

Chete.

Chete weniweni, woti ndinamva lifiti ikulankhula kunja.

"Lachiwiri?" anatero Tiyamike.

"Ndati... ndikuganiza kuti nyumba zoterezi..."

"Malume. Lachiwiri liti?"

Ndinayang'ana a Njeri kuti andipulumutse. Iwo anali akuwerenga cholembera chawo mwachidwi ngati chalembedwa uthenga wabwino.

Tiyamike anatembenukira kwa iwo. "Anabwera kuno awa?"

"Sindingathe kunena," anatero a Njeri.

Otieno ndiye anaphulika. Anaseka mpaka anapinda thupi lonse lija, mutu unakafika m'mawondo. "Lifiti imalankhula!" ankangobwereza. "Ati lifiti imalankhula!"

"Munabwera kudzawafufuza," anatero Tiyamike, manja m'chiuno, ndendende malemu mayi ake. "Munabwera kudzawayesa mayeso."

"Ndi udindo wanga, iwe."

"Ndi kabuku ka masipeya?"

"Ndi komwe kanali ndi masamba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwera nkundikumbatira mwamphamvu, mpaka suti inang'ambika m'khwapa, ndinaimva. Analankhula nkhope ili pachifuwa panga.

"Ndiye akhoza?"

"Akhoza," ndinatero. "Mapepala ndi enieni, ntchito akuidziwa, chinsinsi amasunga."

"Nanga inu?"

A Njeri anakweza mutu kwa nthawi yoyamba. "Pa limeneli," anatero, "ndikhoza kunena. Abwereze kalasi."

Ukafuna kuyesa ngati mnzako amasunga chinsinsi, uyambe wafufuza mapepala a pakamwa pako.